Mapepala a eni ake alowa pa Google Scholar yanga, ndithandizeni

Wa ku Kapata:
Muli bwanji nonse a makompyuta. Komiti ya promotion ifuna mafomu kutha kwa mwezi uno ndipo akuti tilembe h-index (nambala yoyesa kutchulidwa kwa mapepala a munthu) ndi ma citation (kangati ena anatchula mapepala athu), manje ndikatsegula Google Scholar, webusaiti yosonkhanitsa mapepala a kafukufuku, ndipeza mapepala a chimanga ndi a malungo ali pa dzina langa pomwe ine nchito yanga ndi machine translation (kumasulira ndi makina) ya Chinyanja chabe, mudziwa kuno kwathu a Phiri, a Banda ndi a Tembo tili mbwee ndiye makina angosonkhanitsa onse. China, pepala langa limodzi lioneka kawiri, la pa arXiv (poika mapepala asanasindikizidwe) ndi la ku conference, ma citation agawikana. Ndiyambire pati?

Amai a ku laibulale:
Yambani ndi kutseka khomo achimwene. Pa profile dinani ka + kaja, pitani pa configure article updates, musankhe kuti azikutumizirani imelo muvomereze nokha, osati kulowetsa okha. Mukapanda kutero muchotsa lero mwezi wa mawa abwerera. Kenako chongani aja a chimanga mufufute. Awiri ofanana aja achongeni pamodzi mudine merge, koma musayembekeze kuti manambala awiriwo angophatikizika ai, amene anatchula onse awiri awerengedwa kamodzi.

Wa ku Kapata:
Zikomo amai. Koma ndikafufuta h-index itsika, ndipo anzanga omwe tipikisana nao sindiona ngati ayeretsa zao, apa ndipo mtima ukundiwawa.

Akulu a ku Katete:
Itsike mwana wanga, fufutani. Ndakhalako m'makomiti otere, munthu m'modzi chabe akatsegula profile napeza pepala la malungo pa munthu wa makompyuta, ayamba kukayikira ngakhale aja olemba inu ndi thukuta lanu, ndipo mwini pepala la malungolo nayenso afuna promotion kwao. Komanso h-index musamaiope kwambiri. Jorge Hirsch anaiyambitsa mu 2005 ndipo tanthauzo lake nlophweka, ikakhala 6 ndiye kuti muli ndi mapepala 6 omwe lililonse latchulidwa kasachepera 6. Ndiye merge ija ingathe kukukwezaninso, pepala lomwe linagawika pawiri likafika pa mzere.

Wa PhD wa ku Petauke:
Adokotala muli nayo ORCID? Ndi yaulere, inayamba mu 2012, akupatsani nambala ya madijiti 16 yanu nokha ngakhale a Phiri atakhala angati. Mukayeretsa Scholar chitani export BibTeX (fayilo ya mndandanda wa mapepala anu) muilowetse ku ORCID, ndipo pali malo olembapo maina ena omwe munasindikiza nao, monga pomwe anaika ma initial chabe. Muonenso DBLP, mndandanda wa mapepala a makompyuta, chifukwa anzathu akunja a computer science ayang'ana kumeneko poyamba, iwo anthu a dzina limodzi amawasiyanitsa ndi 0001, 0002 kumapeto kwa dzina ndipo ORCID iwathandiza kudziwa ndani ndani, mukapeza zosakanizika alembereni imelo.

Wa ku Kapata:
ORCID ndili nayo koma ilibe kanthu mkati, ndiidzaza usiku uno. Manje fomu ili ndi mzere wa journal articles chabe, anga ambiri ndi a conference.

Akulu a ku Katete:
Apa ndipo pali nkhani yeniyeni, kuposa ya h-index ija. M'makomiti mukhala anthu a zaulimi, a zamankhwala, a zamaphunziro, kwa iwo conference ndi kukaima kutsogolo ndi ma slide basi, sadziwa kuti kwathu pepala la ku ma conference akulu monga ACL kapena EMNLP liwerengedwa ndi ma reviewer lonse lathunthu ndipo ambiri amakanidwa. Musangolemba mndandanda nkusiya. Lembani kalata ya tsamba limodzi, pa pepala lililonse muike DOI (nambala yozindikirira pepala pa intaneti) kapena link ya ACL Anthology (nkhokwe ya mapepala a ma conference amenewa), munene kuti linadutsa peer review, ndipo ngati conference inalengeza acceptance rate ya chaka chimenecho muiike. Aja a gulu, monga momwe a Masakhane, gulu la ofufuza zinenero za mu Africa pa makompyuta, amalembera anthu ambirimbiri pepala limodzi, komiti ikaona dzina lanu pakati iyesa munangokwera nao, ndiye nenani chomwe munachita, kaya kusonkhanitsa ziganizo za Chinyanja, kaya ku trainer model, kaya kuyesa zomasulira ndi anthu olankhula. CRediT, mndandanda wa nchito zomwe olemba pepala amagawana, ili ndi maudindo 14, tengani mau ake kumeneko.

Amai a ku laibulale:
Ndipo afunseni a komiti ngati afuna nambala ya Scholar kapena ya Scopus (nkhokwe ina yowerenga ma citation), zisiyana, ya Scopus imakhala yochepa chifukwa iwerenga zokhazo zili mu index yao pomwe Scholar itola ndi ma thesis ndi ma preprint omwe. Lembani zonse ziwiri ndi tsiku lomwe munaona. Ngati ku Scopus anakugawani ma profile awiri pali Author Feedback Wizard yopemphera kuti awaphatikize, koma satha tsiku limodzi ndiye tumizani lero.

Wa ku Kapata:
Ndafufuta aja a eni ake, analipo asanu, ndi merge ndachita, Scopus ndapezadi ndili pawiri. Amai mawa m'mawa ndibwera ndi laputopu ku laibulale titumizire pamodzi, akulu kalata ija ndikutumizirani pa WhatsApp muione ndisanapereke.