Kodi ndikweze Hilux yanga pa msinkhu uno?

Wa ku Katoto: Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 52, ndipo ndikufuna kukweza Hilux yanga ndi mainchesi awiri. Kwathu ndi ku Usisya. Dzinja lathali ndinagunditsa pansi pamwala ndikutsetsereka kulowera kunyanja, ekizozi mpaka kupindika, matumba a ufa ali kumbuyo. Koma mayi akunyumba akukana, akuti akuvutika kale kukwera atavala chitenje. Ana nawonso akuti zimenezo n'zachinyamata. Mtima wanga uli pawiri.

Makanika wa ku Luwinga: Bambo, msinkhu wanu usakudetseni nkhawa, nkhani ndi galimotoyo. Mukasintha masipuling'i ndi mashoko, chesisi imakwera, koma difu yakumbuyo, chitsulo chonenepa cholendewera pakati pa matayala akumbuyo, imakhala pomwe inali. Imakwera pokhapokha mutaika matayala akuluakulu, ndiye mafuta amapita ambiri. Musapitirire mainchesi awiriwo, apo ayi ma CV joint, zolumikizira zomwe zimazungulitsa matayala akutsogolo, azitha msanga. Mukatha mupangitse alayimenti, muwongoletsenso magetsi asamathobwe anzanu usiku.

Mayi wa ku Chibavi: Achimwene, mverani akazi anu. Amuna anga anakweza yawo, apongozi anasiya kukwera chifukwa cha mawondo. Tinachita kuwotcheretsa sitepe m'mbali, ndi pamene anayambanso kupita nafe kutchalitchi.

Wa ku Chiputula: Ine chimandiopsa ndi makhona a ku Chiweta. Galimoto yokwezedwa imapendama kwambiri, makamaka itasenza.

Wa ku Katoto: Zikomo nonse. Loweruka ndikafunsa kaye mtengo wa sitepe ndi chitsulo chotchinga pansi.