Zoona kuti wina analemera ndi madonasi atathawa nkhondo?

MayiWaMandasi:
Abale mwana wanga akuti ku America kunali bambo wa ku Cambodia anathawa nkhondo nkulemera ndi madonasi, zoona zimenezi? Ine mandasi ndakazinga zaka zambiri pafupi ndi mlatho pa boma pano koma ufa wa tirigu ndi mafuta zikungodya phindu lonse.

WakuNamwera:
Zoona mayi, dzina lawo Ted Ngoy. Anafika ku California mu 1975 a gulu lankhondo la Khmer Rouge atalanda dziko lawo, alibe kalikonse, masana kusesa pa tchalitchi usiku kuthira petulo mmagalimoto, kenako anakaphunzira ntchito ya madonasi ku kampani ya Winchell's mpaka 1977 anagula shopu yawoyawo ku tauni ya La Habra ku California komweko. Chinawathandiza ndi choti mkazi ndi ana onse anali pa ntchito, kulipira waganyu ayi. Ndiye anzawo othawa nkhondo akafika amawaphunzitsa kukanda ndi kukazinga nkuwabwereketsa mashopu, iwo kumangotolera ya lendi.

KambuziWouma:
Achimwene mwasiya pakati nkhani, bamboyu chuma chonse chinathera juga ku Las Vegas, mpaka anabwerera kwawo ku Cambodia ali mmanja lende. Koma mabokosi a pinki oikamo madonasi ku America anatchuka ndi iwowa, anali otchipa kuposa oyera.

MayiWaMandasi:
Ayi juga ndiye ine toto. Za ana ndamva, koma anga akangoyandikira beseni mandasi asanu asowa, mwina ndiyambe ndagula loko.