Mafilita pa webusaiti yanga ya nyumba za lendi akuthawitsa anthu, ndikonze pati?

Chiko_wa_ku25:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndinapanga webusaiti yosakirapo nyumba za lendi mu Lilongwe, mafilita ndinaika ambiri ndithu, dera, mtengo, zipinda, ya kumpanda kapena ayi, mita ya ESCOM yayokha, madzi, matailosi, zonse pa tsamba loyamba. Ndinaikanso ma ad atatu a AdSense (ya Google yoika malonda pa mawebusaiti) kuti ndizipezako ya hosting, yolipirira malo osungira webusaitiyi. Koma anthu akungolowa nkutuluka osatsegula nyumba olo imodzi. Msuweni wanga ndinamuuza ayese pa itel yake, anangoti "zikuvuta izi" basi osanenanso zambiri. Vuto ndi mafilita kapena ma ad?

Nachisale:
Achimwene ine za makompyuta sindidziwa koma nyumba ndasakapo mpaka nsapato kutha. Munthu amayamba ndi mafunso awiri basi, ili kuti komanso ndi zingati. Za matailosi timafunsa tikaiona. Ndiye inu mukandipatsa mabokosi teni ndisanaone chithunzi chilichonse ndimangobwerera ku gulu la pa WhatsApp, bando yanga siyoseweretsa. Ndipo chonde ikani poti ndisankhe za eni ake okha, ma ejenti ena amafuna ya viewing pa nyumba yoti munalowa kale munthu.

Kondwa88:
Asisi anena zoona, siyani dera ndi mtengo pamwamba, zinazo zibisike pa batani la "Zina". Ndalowa pa saiti yanu, kaslider ka mtengo kaja, kokoka ndi chala posankha ndalama, chotsani msanga, pa foni yaing'ono chala chimaphimba nambala ndiye ukufuna 150,000 iko kathawira ku 400,000. Munthu azilemba yekha ndalama imene angakwanitse, komanso musakhomerere mitengo mu code, kumbukani kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 mitengo inasinthiratu. China, pambali pa dera muzionetsa kuti muli nyumba zingati, ngati Area 25 ili ndi 14 munthu aziona asanadine. Ndinasankha Area 18 zipinda zitatu nkundibweretsera tsamba loyera mbee, ndinaganiza kuti netiweki yathawa. Bola kulemba kuti palibe koma ku Area 49 ziliko. Ndikadina back zonse ndinasankha zija zikufufutika, ziikeni mu URL (adilesi ya tsambalo), zithandizanso munthu akafuna kutumizira mkazi wake link.

Bambo_a_Tiya:
Ma ad anuwo ndi amene andinyansa ine. Ndikufuna kudina nyumba, ad yatulukira mochedwa nkukankhira zonse pansi, ndadina za kubetcha. Google amaitcha CLS imeneyo, muyeso wa kusunthasuntha kwa zinthu pa tsamba, ndipo amafuna isapitirire 0.1, mankhwala ake nkungosungiratu malo a ad ndi height yokhazikika. Kudina mwangozi kukachuluka AdSense atha kukutsekerani akaunti, komanso salipira mpaka mufike $100, ndi anthu ochepa chonchi mudikira mpaka liti? Ine ndikanasiya ad imodzi pansi pa nyumba zisanu zoyamba, kenako malandilodi ofuna kukhala pamwamba azilipira pa Airtel Money kapena Mpamba, inu nkulembapo kuti "Yolipiridwa" poonekera. Koma yolipiridwayo izimveranso filita, wasankha Kawale musamuonetse ya ku Area 43.

Chiko_wa_ku25:
Eee mwandichapa koma zikomo kkkk. Slider ija ndinagonera nayo usiku awiri, ikupita lero lomwe. A Kondwa za URL zija ndikupezani ku inbox, sindinapangepo.