Ana akuwerenga bwino nkhani ya kavalo wa m'nyanja koma akuyankha zimene mulibe m'nkhanimo

Mphunzitsi wa Sitandade 4:

Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru pa vuto limene landiimitsa mutu sabata ino. Ndinakonzera ophunzira anga ndime yaifupi yonena za kavalo wa m'nyanja, kansomba ka m'nyanja zamchere kamene mutu wake umafanana ndi wa kavalo, ndipo cholinga changa chinali choti azolowere kutola mfundo m'nkhani yofotokoza zinthu zenizeni, asamangodziwa nthano zokha. Powerenga mokweza akuchita bwino ndithu, sakudodoma pa mawu ndipo akupuma pamene pali mpumiro, koma ndikafika pa mafunso mayankho awo akuchokera kwina.

Pakati pa ndimeyo pali ziganizo izi: "Wamkazi amaikira mazira ake m'kathumba kamene kali pamimba pa wamphongo. Amawasunga m'menemo kwa milungu ingapo, ndipo nthawi ikakwana amatulutsa ana." Nditafunsa kuti amene amasunga mazira ndani, pafupifupi kalasi yonse inalemba kuti ndi mayi, ngakhale ana amene ndimawadalira. Pa funso lina lofunsa ngati nyamayi ndi nsomba ambiri anakana, ena mpaka kulemba kuti ndi kavalo wodziwa kusambira, chikhalirecho chiganizo choyamba chenicheni chikunena kuti ndi nsomba. Kodi nkhaniyi ndiisiye n'kupeza ina yosavuta, kapena pali njira yoiphunzitsira imene ingawachititse kuyankha zimene awerenga?

Mphunzitsi wakale pantchito:

Mayi, nkhaniyo musaisiye, chifukwa yakuonetsani chinthu chimene nkhani yosavuta ikanakubisirani. Mwana akamawerenga za nkhuku yofungatira mazira, zimene akudziwa kale ndi zimene zalembedwa zimagwirizana, choncho amakhoza funso ngakhale asanamvetse chiganizo n'chimodzi chomwe, ndipo ife timamuchonga n'kumaganiza kuti wamva. Pa kavalo wa m'nyanja zimene mwana akudziwa zikutsutsana ndi zimene zili papepala, ndipo apa ndi pamene zikuonekera kuti mayankho ake amawatenga kuti.

Mu 1986 akatswiri a zowerenga Philip Gough ndi William Tunmer anafotokoza kuti kumvetsa zowerenga kumadalira zinthu ziwiri, kutha kutchula mawu olembedwa ndi kumva tanthauzo la chiyankhulo, ndipo chimodzi chikachepa chinzakecho sichingathe kuphimba mpatawo. Ana anu choyambacho ali nacho. Palinso kafukufuku wa Donna Recht ndi Lauren Leslie wa mu 1988, pamene ana anapatsidwa nkhani ya masewera a baseball, ndipo amene ankavutika kuwerenga koma masewerawo ankawadziwa anakumbukira zambiri kuposa owerenga bwino amene sankawadziwa. Pa chifukwa chimenechi ine ndikanayamba ndi kuwadziwitsa nyamayo asanaone ndimeyo. Aonetseni chithunzi chachikulu, kapena mujambule pabolodi, n'kuwafotokozera kumene imakhala, mmene imasambirira ndi mmene imaberekera, kenako muwapatse kuti awerenge.

Mphunzitsi wa sayansi:

Mayi, ndiwonjezereko za nyamayo, popeza mphunzitsi akaidziwa bwino amatha kusankha zoti anene ndi zoti asiye. Kavalo wa m'nyanja ndi nsomba yeniyeni ya m'gulu limene akatswiri amalitcha Hippocampus, ndipo mitundu yake yodziwika ndi yoposa 40. Amapuma m'madzi monga nsomba zina zonse ndipo ali ndi zipsepse. Chimene chimasokoneza ana n'chakuti alibe mamba, thupi lake lazunguliridwa ndi timafupa tolimba pansi pa khungu, amasambira choimirira, ndiponso kumchira kwake kulibe chipsepse. Kachipsepse ka pamsana ndiko kamamukankha kupita kutsogolo, ndipo tiwiri ta kumbuyo kwa maso ndito amakhoterera. Kusambira kwake n'kofooka kwambiri moti mtundu wina waung'ono, Hippocampus zosterae, umayenda pafupifupi mita 1.5 pa ola lathunthu, ndipo n'chifukwa chake amakulunga mchira wake pa udzu wa pansi pa nyanja kapena pa mizu ya mitengo yomera m'madzi kuti mafunde asamukokolole.

Za kubereka zili motere. Wamkazi akaikira mazira m'kathumba, wamphongo amawapatsa mphamvu yake yaumuna m'kathumba momwemo, ndipo kathumbako kamapereka mpweya kwa mazirawo n'kumasintha mchere wa m'madzi ake pang'onopang'ono kuti ana akamatuluka asadabwe ndi madzi a m'nyanja. Pa mitundu yambiri izi zimatenga milungu 2 mpaka 4, ndipo madzi akakhala ofunda nthawiyo imafupika. Wamphongoyo amachita kudzifinya potulutsa ana, amene pa mitundu ina amakhala ochepa koma pa ina amapitirira 1,000, ndipo akangotuluka palibenso kholo lowasamalira.

Komabe pa chiganizo chachiwiri chija ndikuona kuti anawo ali nayo mbali yawo. Mneni "amawasunga" alibe mwininkhani wolembedwa, ndipo amene watchulidwa monga wochita ntchito m'chiganizo cham'mbuyo ndi wamkazi, choncho mwana amene walemba kuti ndi mayi watsatira ndithu mmene ziganizo zimalumikizirana masiku onse. Ine ndikanalemba kuti "Wamphongoyo amawasunga m'menemo" kuti pasakhalenso chokayikitsa.

Mlangizi wa zowerenga:

Ndikuvomerezana ndi abambo awiri amene andiyambirawa kuti nkhaniyi isasiyidwe, koma pa njira yake ndisiyana nawo pang'ono, ndipo andikhululukire. Tikawafotokozera ana zonse asanawerenge, kuphatikizapo zakuti wamphongo ndiye amasunga mazira, adzakhoza funsolo mawa, koma adzalikhoza pokumbukira mawu a aphunzitsi, ndipo tidzakhala tabwerera pa vuto lomwe lija loyankha popanda kuyang'ana papepala. Pali zinthu zimene mwana sangazipeze m'ndimemo chikhalirecho akuzifuna kuti aimve, monga maonekedwe a nyamayo, kuti nyanja imene ikunenedwa ndi yamchere, kuti pansi pa nyanja pamamera udzu, ndiponso tanthauzo la chipsepse. Zimenezi muwapatse mosaumira. Koma chodabwitsa chimene nkhaniyo yasunga muchisiye momwemo kuti mwana akachipeze yekha, chifukwa chimenecho ndicho chimamupatsa chifukwa chowerengera.

Musanagawe mapepala, lembani pabolodi ziganizo ziwiri kapena zitatu, monga chakuti "Kavalo wa m'nyanja ndi nsomba" ndi chakuti "Mayi ndiye amasunga mazira mpaka ataswa", ndipo mwana aliyense alembe m'kope mwake kuti akuvomereza kapena akukana. Alembe ndithu, asangokweza dzanja, chifukwa maganizo osalembedwa mwana amawasintha mwakachetechete osazindikira n'komwe kuti nkhani yamutsutsa. Inu musanene amene wakhoza. Akatha kuwerenga abwerere pa zimene analemba zija, ndipo lamulo likhale lakuti yankho lililonse libwere ndi chala choloza chiganizo chimene latengedwa. Njirayi ikugwirizana ndi imene Annemarie Palincsar ndi Ann Brown anafotokoza mu 1984, yoti ana azilosera, azifunsa mafunso, azilongosola pamene sipakumveka ndi kuomba mkota, mphunzitsi akuyamba wawaonetsa kenako n'kumawasiyira udindowo pang'onopang'ono.

Za chiganizo chopanda mwininkhani chija, a sayansi aona bwino, ndipo pa kuwerenga koyamba chikonzedwe monga anenera. Koma chakalecho musachitaye, popeza mabuku amene ana athu adzakumana nawo ali ndi ziganizo zotere zambirimbiri. Tsiku lachiwiri chilembeni pabolodi mmene chinaliri, ndipo muwafunse kuti liwu lakuti "m'menemo" likuloza chiyani. Akanena kuti likuloza kathumba, afunseni kuti kathumbako kali pathupi la yani. Yankho lili m'ndimemo, kungoti mwana ayenera kubwerera m'mbuyo kawiri kuti alifikire, ndipo kubwerera kumeneku ndilo luso limene akusowa.

Mphunzitsi wakale pantchito:

Mayi mlangizi, mfundo yanu ndaimva ndipo ndikuilandira, ngakhale ndikadali ndi nkhawa ndi ana amene amatsalira. Mwana amene akulimbanabe ndi maphatikizo mphamvu zake zonse zimathera pa kutchula mawu, ndipo akafika kumapeto kwa chiganizo chachitali chiyambi chake amakhala ataiwala kale. Oterewa ndikupempha kuti mphunzitsi ayambe wawawerengera ndimeyo mokweza iwo akutsatira ndi chala, kuti nawonso alowe m'kukambiranako ali ndi choti anene.

Mphunzitsi wa Sitandade 4:

Zikomo kwambiri nonse, ndayesa monga munalangizira ndipo ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Chithunzi ndinachionetsa, za zipsepse ndi mchira ndinafotokoza, koma za mazira sindinanene kanthu. Ambiri analemba kuti akuvomereza zoti mayi ndiye amasunga mazira. Ndinawawerengera kamodzi mokweza monga ananenera abambo akale pantchito aja, kenako anawerenga awiriawiri, ndipo asanamalize n'komwe ndinamva phokoso la kutsutsana m'magulu angapo.

Tsiku lachiwiri, pa chiganizo chakale chija, mtsikana wina amene sayankhulayankhula m'kalasi anabwera kubolodi, n'kuika chala pa "m'menemo". Anaima kanthawi, kenako anakoka chalacho kupita pa mzere wapamwamba mpaka pa "m'kathumba", ndipo atafika pamenepo anachiyendetsa pang'onopang'ono kudutsa "kamene kali pamimba pa" n'kukaima pa "wamphongo". Mnyamata wina anatsutsa kuti mwina mayiyo amabwera kudzalondera kathumbako, ndipo mtsikanayo anangomufunsa kuti amuonetse pamene palembedwa zimenezo. Mnyamatayo anafufuza ndime yonse mpaka pansi, ndipo ataona kuti palibe, anafufuta yankho lake.

Vuto latsala pa mafunso ofunsa chifukwa. M'ndimemo muli chiganizo chonena kuti nsombayi ilibe mano ndiponso ilibe chifu, ndipo patsogolo pake pali china chonena kuti imadya pafupifupi tsiku lonse. Nditafunsa chifukwa chake imadya kwambiri chotero, anafufuza ndi zala zawo monga ndinawaphunzitsira, koma popeza palibe chiganizo chimodzi chokhala ndi yankho lonse, ena anakopera chiganizo choyamba, ena chachiwiri, ndipo ena analemba kuti ndi yadyera.

Mlangizi wa zowerenga:

Mayi, pamene mwafikapa m'pabwino, chifukwa tsopano akudziwa kuti yankho limafunidwa papepala, ndipo chotsatira n'kuwaonetsa kuti mayankho ena amamangidwa ndi ziganizo ziwiri zotalikirana. Lembani ziganizo ziwirizo pa timapepala tosiyana, ndipo pa kapepala kachitatu mulembepo "choncho", pa kachinayi "chifukwa". Gulu lililonse liyale timapepalato kuti tipange chiganizo chimodzi chomveka, kenako lisinthe mlumikizi n'kuona kuti ziganizozo ziyenera kusinthana malo. Koma dziwani kuti kulumikizaku sikungatheke ngati mwana sakudziwa ntchito ya chifu, choncho apa m'pamene mfundo ya abambo akale pantchito ija yoyamba kuwapatsa chidziwitso ikugwira ntchito. Mphindi zochepa zokambirana kuti chifu chimasunga chakudya n'kumachigaya pang'onopang'ono ndi zokwanira kuti aone okha zimene zimachitikira nyama yopanda chifu.

Mphunzitsi wa sayansi:

Kuti zimenezi zikhazikike, Mayi, muwonjezere chiganizo chimodzi m'ndimemo chonena za chakudyacho. Nsombayi imabisalira tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, diso lililonse likuyang'ana kwakekwake, ndipo kakayandikira imakayamwa kathunthu ndi kukamwa kwake kotalika, chakudyacho n'kudutsa m'thupi mofulumira. Mwana akadziwa kuti chakudyacho ndi chaching'ono komanso sichikhalitsa m'mimba, funso lanu lija lili ndi poyambira.

Ndikupemphanso kuti mukonze ndime yachiwiri ya nyama yomweyi, chifukwa mawu amene aphunzira kale adzawapeputsira ntchito ndipo mudzaona ngati lusolo akutha kuligwiritsa ntchito pa nkhani imene sanaionepo. Nkhani yabwino ndi ya Hippocampus bargibanti, mtundu wosafika masentimita 3, umene wofufuza za m'nyanja Georges Bargibant anaupeza mu 1969 ku New Caledonia, zilumba za m'nyanja ya Pacific, uli pa korali (chamoyo cha pansi pa nyanja chooneka ngati chomera chanthambi) amene anali atamuvuula kale m'nyanja. Mtundu wa khungu lake ndi timatuza ta pathupi pake zimafanana kwambiri ndi koraliyo moti unaoneka pokhapokha ataunika pafupi. Ndimeyo isanene chifukwa chake kansombaka kanakhala nthawi yaitali osadziwika, ana apeze okha polumikiza kukula kwake ndi maonekedwe ake. Kwa ana amene ali patsogolo mungawonjezere zakuti kuyambira mu 2004 malonda a nsombazi pakati pa mayiko amayendetsedwa ndi pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zingathe kutheratu, popeza zambiri zimakodwa m'makoka a asodzi ndipo zina zimagulitsidwa zouma, kenako n'kuwafunsa kuti kusambira kofooka kuja kukukhudzana bwanji ndi kukodwa m'makoka.

Mphunzitsi wa Sitandade 4:

Timapepala ta alumikizi ndiyamba nato Lolemba, ndipo ndime ya Hippocampus bargibanti ndiipereka kumapeto kwa sabata popanda kuwathandiza, kupatula gulu la otsalira limene ndidzaliwerengera kamodzi. Bambo a sayansi, ndikamaliza kuilemba ndiituma kuno kuti muione ngati mfundo zake zili zoona, ndipo Mayi mlangizi mundionereko mafunso ake, makamaka kuti pakhale ena oyankhidwa ndi chiganizo chimodzi ndi ena ofuna ziganizo ziwiri.