Nkhuku zikufa masana okhaokha

Mayi a ku Lunzu: Alimi anzanga, ndithandizeni. Ndili ndi nkhuku za nyama 300, zili sabata yachisanu. Chiyambire Lolemba zafa 14, zonse masana, ndipo zikufa zonenepa zokhazokha. Katemera wa chitopa ndi gumboro ndinapereka. Zikungokhala kukamwa yasa, mapiko tambalale.

Bambo a ku Chileka: Mayi, chitopa sichiyang'ana wotchi. Kumeneko ndi kutentha kwa Okutobala. Denga ndi la malata? Thanki ya madzi ili pati?

Mayi a ku Lunzu: Malata, bambo. Thanki ndi yakuda, ili panja padzuwa.

Alangizi a ziweto, Limbe: Ndiye nkhukuzo zikumwa tiyi, mayi. Nkhuku situluka thukuta, ndipo thupi lake limakhala kale pa madigiri 41, choncho imadziziziritsa ndi kupuma mwawefuwefu. Zoipa zenizeni zimachitikira mkati. M'maselo muli timbaula totchedwa mitochondria, tomwe timawotcha chakudya ndi okosijeni kuti mupezeke mphamvu. Kukatentha kwambiri timbaulati timathetheka. Zothethekazo, zomwe amati ma free radical, zimawononga mafuta a khungu la selo, mapuloteni, ngakhale mitochondria yomweyo, ndipo ikawonongeka imathetheka kuposa kale. Pamenepo magazi ambiri athamangira kukhungu, matumbo atsala ndi ochepa, nawonso ayamba kuwonongeka. Yonenepa imayamba kugwa chifukwa imadya kwambiri, moto wake ndi waukulu.

Mnyamata wa ku Bangwe: Ine ndimangothira antibayotiki m'madzi zikayamba chonchi.

Alangizi a ziweto, Limbe: Achimwene, mukutaya ndalama, palibe kachilombo apa. Chothandiza ndi vitamini C ndi ma electrolyte (michere yothandiza thupi kusunga madzi) m'madzi ozizira. Vitamini E ndi mchere wa selenium nazonso zimazima zothethekazo, koma zimafunika zikhale m'chakudya kutentha kusanafike. Komabe vitamini saziziritsa khola.

Bambo a ku Chileka: Ndicho chake. Kwezani zodyera cha m'ma 9 koloko m'mawa, mubwezere dzuwa litapendeka, kugaya chakudya kumawonjezera kutentha. Madzi okha asachoke. Yalani udzu padenga, kwezani masaka m'mawindo, thanki muimangire chisakasa. Ine ndimataya kaye madzi otsala m'mapaipi masana. Zikathithikana gulitsaniko zikuluzikulu, ku Lunzu Lamulungu sizigona.

Mayi a ku Lunzu: Ndachita zonsezo kupatula udzu, ubwera mawa. Dzulo yafa imodzi, lero palibe. Usiku ndiziyatsa getsi kuti zidye?

Bambo a ku Chileka: Yatsani, koma muzisiye maola angapo mumdima zigoneko.