Video ya kwaya ikumatuluka timabokosi m'mbali mwa anthu, ndipange bwanji?

Wakamera_Salima:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndinajambula kwaya yakwathu ku Senga Bay, oimba ataima pamchenga nyanja ili kumbuyo kwawo. Pa laputopu ikuoneka bhobho koma ndikaichepetsa kuti ipite pa WhatsApp m'mbali mwa anthu, mapewa, mitu, manja akamaomba, mukumatuluka timabokosi, ndiye ndikakweza quality ikumalemera moti anthu akudandaula kuti ikungozungulira osasewera komanso bandulo ikutha. Nyimbo yake ndi ya maminitsi 5.

Mkulu_wa_Editing:
Achimwene akukudyerani ma bits (data imene imasunga chithunzi cha video) ndi madziwo. H.264, njira yopanikizira video imene ili m'mafoni ambiri, siidziwa kuti uyu ndi munthu awa ndi mafunde, imangodula chithunzi m'timabokosi ta 16x16 nkumasunga zimene zasintha kuchoka pa frame ina kupita ina, tsono mafunde sapuma ndiye ma bits ambiri akuthera kumeneko, m'mbali mwa oimba osatsala kanthu. Mu MPEG-4 Part 2 ya 1999, njira yakale yopanikizira video, munali njira yosunga shape ya munthu payokha background payokha, koma sinafalikire, musaidalire. Chomwe mungachite mu editor, dulani anthuwo ndi mask nkuika blur pang'ono pa nyanjayo, madzi akafewa encoder, imene imapanikiza video ija, imapeza ma bits opatsa nkhope ndi mapewa.

AnaPhiri_KK:
Kuonjezera apo, werengerani kaye musanapange export. Bitrate (data imene video imadya pa sekondi) ya 2 Mbps ndi 15MB pa miniti, nyimbo yanuyo 75MB kuphatikiza ka audio pamwamba. Pa bitrate imeneyo 1080p musayese, tsitsani pa 720p. Ngati muli ndi pulogalamu yopanikizira video ya ffmpeg ikani crf (quality) 23, maxrate (malire a bitrate) 2M, bufsize (kukula kwa buffer) 4M. Buffer ili ngati ndowa imene mpopi ukuthiramo pang'onopang'ono inu mukutunga, ikakhala yaing'ono malo ovuta ngati pomwe kwaya yonse ikuvina amaphwanyika, ikakula kwambiri bitrate imaloledwa kukwera mwadzidzidzi ndiye pa netiweki yofooka ngati kwathu kuno ku Nkhotakota video imayamba kuima ima. Ine bufsize ndimaika kawiri ya maxrate basi.

Wakamera_Salima:
Zikomo kwambiri achemwali, ya blur ija ndayesa pa kachidutswa ndipo mapewa ayera ndithu. Nanga H.265? Akuti imachepetsa pafupifupi theka.

AnaPhiri_KK:
Imachepetsa zoona, inatuluka 2013, koma mafoni ena akale saisewera bwino ndipo a kwaya ambiri ndi omwe ali ndi mafoni oterowo, ine ndingakhale pa H.264. Komanso potumiza muitumize ngati document, mukaitumiza ngati video wamba WhatsApp imaipanikizanso kachiwiri ntchito yanu yonse ija nkuonongeka. Ulendo wina kamera muiike pa tripod, kugwedera kwa dzanja nako kumadya ma bits.