Munthu akathawira kwawo, angamubweze kuno kuti adzayankhe mlandu?

Wa_pa_Kamwendo: Abale odziwa malamulo ndithandizeni. Mnyamata amene ndinamupatsa njinga yanga yamoto kuti azipanga kabaza anasowa nayo mwezi watha, pano ndamva ali ku Chipata kwa amalume ake. Mayi ake ndi a ku Zambia ndipo iye ali ndi reji (chiphaso cha unzika) ya komweko, nde anthu akundiuza kuti ndingoiwala, akuti dziko silipereka nzika yake. Zoona zimenezi? Zikundiwawa chifukwa ngongole ya njingayo sindinamalize kubweza.

Aphunzitsi_Mkanda: Pepani achimwene. Koma amene akuuzaniwo akuphatikiza, zimatengera malamulo a dziko lililonse. Britain, America ndi South Africa amapereka nzika zawo mapepala akakhala bwino. Ngakhale kuno, onani nkhani ya a Bushiri, anachoka ku South Africa mu November 2020 ali pa belo, ndi aMalawi enieni koma khoti ku Lilongwe linamva ndithu pempho loti abwezedwe mpaka mu March 2025 majisitireti analamula kuti apite, iwo nkupanga apilo. Pasipoti payokha sinatseke nkhani. Okana zenizeni ndi monga Russia, France (kupatula ku maiko anzake a mu European Union) ndi aneba athu a Mozambique, a Mozambique anachita kulemba mu konsitityushoni kuti nzika yawo situmizidwa kunja.

Mai_aChisomo: Aphunzitsi nanga Manuel Chang uja anakapezeka bwanji ku America ngati Mozambique sipereka anthu ake?

Aphunzitsi_Mkanda: Mwafunsa bwino mayi. Chang anali nduna ya zachuma, akanakhala phee ku Maputo palibe akanamukwezetsa ndege. Koma anamugwirira pa eyapoti ku Johannesburg mu December 2018, kumeneko anali mlendo basi, ndipo maiko awiri analimbirana munthu mmodzi zaka zoposa zinayi, Mozambique ikuti tipatseni tikamuzenge tokha America ikuti ayi ndi wathu, mpaka mu July 2023 anamutumiza ku New York. Carlos Ghosn, yemwe anali bwana wa kampani ya magalimoto ya Nissan uja, anachenjera, anathawa ku Japan mu 2019 atabisala mu chibokosi, ulendo wa ku Lebanon kumene ali nzika, ndipo Lebanon sipereka anthu ake. Koma ndende yake ndi yomweyo, akangotuluka boda akhoza kumumbwandira.

Za Zambia, ife ndi iwo tili mu SADC ndipo pali pangano la 2002 lobwezerana oganiziridwa milandu. Limalola dziko kukana chifukwa munthuyo ndi nzika, koma likakana, lopemphalo likhoza kunena kuti chabwino, kamutengereni kwa oimba milandu anu komweko. Nde kukhala ndi reji sikufufuta mlandu.

Dalaivala_wa_Mwami: Kkkk akulu mwafika mpaka ku Lebanon nkhani ili ya njinga. Zobwezana izi zimayenda boma ndi boma, mafayilo ku Lilongwe ndi ku Lusaka, pomatha njinga yanu idzakhala itasanduka masipeya. Pitani kupolisi ndi mapepala a njinga, nambala ya injini ndi ya chasisi, apolisi a mbali ziwirizi amalankhulana. Komanso afana ngati amenewa sakhalitsa, chibwenzi chili kuno, maliro ali kuno, adzadutsa njira zachidule tsiku lina. Akagwidwa mbali ino palibe amene adzafunse za reji, mlandu anapalamulira ku Mchinji.

Wa_pa_Kamwendo: Zikomo nonse. Nambala ya injini ndili nayo pa lisiti, mawa ndilawira ku boma. Ndipo mlongo wake akukwatiwa Loweruka likudzali, ndikhala ndikuzungulira chapafupi.